Ufa wonga fupa wonyamula mankhwala: kodi ungathandize zilonda za m'fupa zosapola?

Nachisale_A25
Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu ogwira ntchito zachipatala, tandimasulireni. Mphwanga amene akuphunzira za mankhwala akuti kunja akatswiri akupanga ufa wofanana ndi fupa la munthu, wosalala moti kambulu kamodzi sikaoneka ndi maso, ndipo mu ufamo akulowetsamo mankhwala opha tizilombo aja ovuta kusungunuka. Akuti ufawo ndi umene umanyamula mankhwala mpaka pamene pali matenda. Ine pandizunguza mutu ndi apa: mankhwala amafunanso chowanyamula? Si timangomwera madzi basi? Nanga bwanji fupa? Ndipo ngati zili zoona, kodi zingathandize ana aja amene amakhala ndi chilonda cha pamsongolo chotuluka mafinya chaka ndi chaka? Kwathu kuno ndikuwaona awiri.

Kawale2
Achemwali, zimenezo n'zakunja. Kuno timavutika kupeza ngakhale amoxicillin mwezi ukamatha.

Mpondo_Famase
A Kawale2, kusowa kwa mankhwala n'koona, koma funso la achemwaliwa n'labwino, tisalikwirire. Mankhwala akalowa m'mimba salowa m'magazi ali mibulu ayi, ayenera asungunuke kaye. Amene sanasungunuke amangodutsa n'kukatuluka kuchimbudzi, ndalama yapita, matenda ali pomwepo. Ndipo vutoli si laling'ono. Pafupifupi mankhwala 40 pa 100 alionse amene ali pamsika sasungunuka bwino m'madzi. Chitsanzo chimene tonse tikuchidziwa ndi LA wa malungo: timakuuzani kuti mumwe mutadya chakudya chamafuta kapena mkaka chifukwa lumefantrine amene ali mmenemo salowa bwino m'thupi popanda mafuta. Kumbali ya opha tizilombo kuli rifampicin wa TB, uja amafiiritsa mkodzo, komanso ciprofloxacin, amene amasungunuka bwino mu asidi koma pH (muyeso wa asidi) ikafika cha m'ma 7, pamene palibe asidi, amavuta kwambiri.

Mphunzitsi_wa_Chemistry
Ndiwonjezere pa zimene anena a Mpondo. Ufa umene mukunenawu dzina lake ndi hydroxyapatite. Ndi kashiyamu ndi fosifeti, Ca10(PO4)6(OH)2, ndipo ndi womwewo umene umalimbitsa mafupa athu. Mwa kulemera, fupa lili ndi mchere umenewu pakati pa 60 ndi 70 pa 100, pomwe chikuto choyera cha dzino chili ndi pafupifupi 96 pa 100. M'fupa mwenimwenimo timibulu take n'tochepetsetsa, ta mananomita makumi angapo chabe. Kuti mumve kuchepa kwake, mu milimita imodzi muli mananomita 1,000,000.

Kuchepako n'kumene kuli ndi ntchito. Mayi aliyense amadziwa kuti mchere wamiyala umachedwa kusungunuka m'ndiwo, koma ukausinja umasungunuka nthawi yomweyo, chifukwa malo okhudzana ndi msuzi achuluka. Ndiye akatswiri amapanga timibulu tokhala ndi timabowo ting'onoting'ono, n'kusungunula mankhwala mu spirit kapena china chotere, n'kuviikamo ufawo, kenaka n'kuumitsa. Mankhwala amatsala atamatirira pakhungu la timibulu ndi m'timabowo muja. Poti malo ndi opanikizika, amalephera kupanga mibulu ikuluikulu, komanso nthawi zambiri satha kudzisanja mwadongosolo lolimba lija la krisitalo, ndiye madzi akafika amawachotsa mosavuta.

Chifukwa chosankhira fupa chili pawiri. Thupi silidabwa nacho chinthu chimenechi, maselo omanga fupa amamera pamwamba pake, ndipo pang'onopang'ono chimadyeka. Chachiwiri, hydroxyapatite amasungunuka msanga pamene pali asidi. N'chifukwa chake mano amayamba kuwola pH ya m'kamwa ikatsika pansi pa 5.5. Pamalo pamene pali mafinya pamakhalanso asidi kuposa pamnofu wabwino, ndiye ganizo lake n'lakuti mankhwala azituluka kwambiri pamene pali matendapo.

Mpondo_Famase
Aphunzitsi, apa ndiye ndili ndi chikayiko chachikulu. Ife pawindo timauza wodwala aliyense kuti asamwe ciprofloxacin pamodzi ndi mkaka, chambiko, mapiritsi a ayironi kapena mankhwala a chilungulira aja a magnesium, chifukwa kashiyamu ndi zinzakezo zimagwira mankhwalawa m'matumbo osalola kuti alowe m'magazi. Tetracycline ndi chimodzimodzi, mpaka amakakamira m'mano a mwana n'kuwadetsa, n'chifukwa chake sitipatsa ana osakwana zaka 8. Ndiye inu mukuti titenge mankhwala omwewo tiwaike mu ufa wa kashiyamu weniweni?

Mphunzitsi_wa_Chemistry
Mwagwira pamtima pa nkhani. Ngati n'kumwa, kwa mankhwala a mtundu umenewo nanenso sindingaike mtima. Asidi wa m'mimba ausungunula ufawo, kashiyamu ndi mankhwala apitira limodzi m'matumbo, ndipo zimene mukuopazo zitha kuchitika. Koma taganizani pamene dokotala waika ufawo mwachindunji m'bowo la m'fupa. Pamenepo kugwirana kuja kumasanduka phindu, chifukwa ndi kumene kumachedwetsa mankhwala kuti asathe tsiku limodzi. Ine ndikuona kuti mphamvu yeniyeni ya njirayi ili pamenepo, osati pa piritsi.

OCO_Lilongwe
Ndawerenga zonse, tsopano ndilankhule ngati munthu amene amatsegula miyendo imeneyi. Ndine kiliniko ofesa wa mafupa. Ntchito yathuyi inayamba m'Malawi muno mu 1985, ndipo mpaka lero m'zipatala zambiri zamaboma ndife amene timaona mafupa.

Ana amene akunena a Nachisale ali ndi osteomyelitis yokhalitsa, kutanthauza matenda a tizilombo m'fupa. Kawirikawiri kachilombo kake ndi Staphylococcus aureus, ndipo mwa ana a sickle cell timaganiziranso Salmonella. Kamalowa m'fupa kudzera m'magazi, mwana amatentha thupi, amakana kuponda. Akachedwa kulandira chithandizo mafinya amadzaza, amakanganula kakhungu kokuta fupa, timitsempha tamagazi timatsekeka, ndipo gawo la fupa limafa. Thupi limamanga fupa latsopano kuzungulira lakufalo, n'kusiya kabowo kotulutsira mafinya. Chilonda chimene mumachiona kunjacho ndi khomo chabe.

Fupa lakufalo tikalitulutsa ku fiyeta limakhala lotuwa, lokhakhala, lodyekadyeka m'mbali, nthawi zina lalitali kuposa chala cha munthu wamkulu, ndipo ukaliponya m'mbale yachitsulo limalira kuti ngwe. Mulibe dontho la magazi. Ndiye ndikufunseni: mankhwala a diripi kapena akumwa amayenda ndi magazi, akafika bwanji mmenemo? Komanso tizilombo timadzimangira utoto woterera pamwamba pa fupalo, umene timautcha biofilm, ndipo mmenemo mankhwala amafunika ochuluka kwambiri kuposa amene munthu angapirire m'magazi.

Choncho kuika mankhwala pamalo pomwepo si nzeru yachilendo kwa ife. Ku Germany, Buchholz ndi Engelbrecht anayamba kusakaniza mankhwala opha tizilombo mu simenti ya mafupa cha mu 1970, ndipo m'zaka zomwezo Klaus Klemm anapanga mikanda ya simentiyo yokhala ndi gentamicin. Vuto lake, simentiyo ndi pulasitiki, siisungunuka. Pamafunika opareshoni yachiwiri yokaichotsa, ndipo ikakhalitsa mankhwala atatha, tizilombo timamanga pa iyo yomwe. Imatenthanso pouma, ndiye si mankhwala onse amene mungaikemo. Rifampicin, amene amathandiza kwambiri pa biofilm, amaiononga simentiyo moti siuma bwino. Ndiye chinthu chimene chinganyamule mankhwala ngati amenewo, n'kudyeka chokha, n'kusiya fupa latsopano m'bowomo, ine ndingachilandire ndi manja awiri. Opareshoni imodzi ikapewedwa, ndiye kuti wodwala wina wapeza malo pamndandanda wa ku fiyeta.

Koma mvetsetsani bwino: popanda kuchotsa fupa lakufa, palibe ufa umene ungachize mwanayo.

Nachisale_A25
Zikomo adokotala. Ndiye kuti makolo amene amangogula makapisozi mwezi ndi mwezi akungotaya ndalama?

OCO_Lilongwe
Inde mayi. Mafinya amachepa kwa kanthawi, kenaka amabwerera. Auzeni apite nawo anawo kuchipatala akajambulidwe. Kuno ku Lilongwe pa Kamuzu Central tsopano pali LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo, ndipo ku Blantyre kuli Beit CURE imene imaona ana. Ayambire kuchipatala chapafupi atenge kalata.

Bambo_wa_Chinsapo
Koma zimenezi ife tinayamba kale. Kumudzi munthu akakhala ndi chilonda timatsegula kapisozi wofiira ndi wachikasu uja n'kuwaza ufa wake pachilondapo. Si zomwezo kodi?

Sista_Wodi3
Bambo, chonde musatero. Ndikusambitsa zilonda zotere tsiku ndi tsiku. Ufa wa kapisozi umauma n'kupanga chikhokho pamwamba, mafinya amatsekeredwa pansi, ndipo munthu amaona ngati chikupola. Tikachotsa chikhokhocho timapeza dzenje. Ufawo unapangidwira m'mimba, suli woyera moti n'kuikidwa pamnofu wotseguka, ndipo sufika n'komwe pafupa.

Bambo_wa_Chinsapo
Koma ena amapola, ndawaona ndi maso anga.

Sista_Wodi3
Chilonda chapakhungu chimatha kupola chokha mukachisamala ndi madzi oyera. Cha m'fupa ayi.

Mlongo_wa_Kabaza
Ine nkhaniyi ikundikhudza chifukwa cha achimwene anga. Ankayendetsa kabaza wa njinga yamoto, anagundana ndi galimoto madzulo, fupa la mwendo linatulukira kunja. Anawaika zitsulo, tinasangalala kuti zatha. Patapita nthawi pabala panayamba kunyowa, kenaka fungo. Ine ndinali gadiyani. Bandeji yoika m'mawa ikamafika masana inali itanona mafinya achikasu mpaka pachitenje chimene ndinkawayalira. Jakisoni analandira mpaka manesi kusowa mtsempha, makutu anayamba kulira. Pomaliza anachotsa zitsulo, anapala fupa, ndipo lero amayenda motsimphina. Ndikamva kuti pali njira yoti mankhwala aziikidwa pamalo pomwepo m'malo momuboola munthu masabata onsewo, ndikulakalaka ikadafika kale.

Biwi_Boy
Pepani achemwali. Koma a kabaza nawonso akuonjeza. Anthu atatu panjinga imodzi, chipewa palibe, layisensi palibe. Pitani pa Depoti muone mmene amadulira kutsogolo kwa minibasi.

Mchesi_Rider
Musatilowetse tonse m'thumba limodzi. Ambiri a ife tikudyetsa mabanja ndi njingazi. Nanga amagalimoto amene amatikankhira kungalande dala? Nanga okwera amene amakana chipewa kuti chiwaonongera tsitsi?

Biwi_Boy
Kudyetsa banja sikupatsa munthu ufulu wodutsa loboti itafiira.

Namaseko_Admin
Abale, za kabaza titsegulire nkhani yake payokha, n'zofunika. Pano tibwerere ku mafupa ndi mankhwala. A OCO, kodi pali chinthu chotere chimene chikugwiritsidwa ntchito pa anthu kale, kapena zonse zikadali mu labu?

OCO_Lilongwe
Chilipo chimene chili pafupi. Kampani ya ku Sweden ya Bonesupport imapanga phala lotchedwa Cerament G, la calcium sulphate 60 pa 100 ndi hydroxyapatite 40 pa 100, losakaniza ndi gentamicin. Madokotala a ku Oxford analemba mu 2016 za odwala 100 amene anawapala fupa n'kudzaza phalali pa opareshoni imodzi, ndipo mwa 96 matenda sanabwerere panthawi imene ankawatsatira. Koma onani zinthu ziwiri. Onsewo anachotsedwa kaye fupa lakufa, ndipo analandirabe mankhwala ena akumwa kapena a mumtsempha. Komanso gentamicin amasungunuka bwino m'madzi, ndiye sali m'gulu limene afunsa a Nachisale. Za timibulu tochepetsetsa tija ta nano tonyamula mankhwala osasungunuka, zambiri zikadali poyesera m'mbale za mu labu ndi pa nyama.

Labu_Tech
Ine ndikufuna ndidzudzule chimwemwe chimene ndikuchiona pano. Vuto lodziwika la zonyamulira zimenezi n'lakuti mankhwala amene ali pamwamba pa timibulu amatuluka ambiri nthawi imodzi m'maola kapena masiku oyamba, kenaka otsalawo amangodontha pang'onopang'ono kwa masabata. Kudonthako n'kumene ndikukuopa. Mankhwala akakhala ochepa osakwana kupha, tizilombo totsala timazolowera, ndipo tikamaswana timakhala tosamva mankhwala.

Ndipo ife tili kale pamavuto. Kafukufuku wa a Malawi-Liverpool-Wellcome pa magazi a odwala ku Queen Elizabeth ku Blantyre, wotuluka mu 2017, anaonetsa kuti E. coli wosamva ciprofloxacin anakwera kuchoka pa 2.5 pa 100 mu 2003 kufika pa 31.1 pa 100 mu 2016. Staphylococcus aureus wosamva mankhwala a methicillin anali 18.4 pa 100 mu 2016. Padziko lonse, anthu 1.27 miliyoni anamwalira mu 2019 chifukwa cha tizilombo tosamva mankhwala. Ndiye ngakhale ufawo ukhale wabwino chotani, mukaikamo mankhwala amene kachilomboko sikawamva mwangodzaza bowo. Ndalama zikanakhala zanga ndikanayamba ndagula zomeretsera tizilombo m'malabu a zipatala zamaboma, kuti dokotala adziwe chimene akulimbana nacho.

Mphunzitsi_wa_Chemistry
Zoona, koma si kuti akatswiri sakulidziwa vutoli. N'chifukwa chake ena amakuta timibulu ndi chitosan kapena PLGA, zokutira zimene zimadyeka zokha m'thupi, kuti mankhwala asathamange, ena amasintha kukula kwa timabowo, ena amalowetsa siliva kapena zinki m'malo mwa kashiyamu wina kuti ufawo pawokha uzivutitsa tizilombo. Ndipo kutuluka kochuluka koyambako sikoipa konse ayi. Dokotala akangomaliza kupala, m'pamene pamafunika mankhwala ambiri kuti otsala afe.

Labu_Tech
Koyambako sindikukana. Ndikunena kumchirako. Ndipo siliva akachuluka amaphanso maselo a fupa omwe mukufuna kuti amere.

Sista_Wodi3
Kwa amene mukuti zoterezi sizingafike kuno, ndikukumbutseni za amphotericin B. Ndi mankhwala a fangasi, osati a bakiteriya, koma nawonso sasungunuka m'madzi ndipo akale aja ankaononga impso kwambiri. Odwala cryptococcal meningitis, matenda oumitsa khosi obwera ndi fangasi, ankanjenjemera padiripi masiku ambiri. Atawakulunga m'timatumba tamafuta tosakwana mananomita 100, anayamba kupiririka. Kafukufuku wa AMBITION anachitikira m'maiko asanu kuphatikizapo Malawi, Lilongwe ndi Blantyre, ndipo anaonetsa kuti mlingo umodzi waukulu pamodzi ndi mapiritsi umagwira ntchito mofanana ndi njira yakale. WHO inavomereza mu 2022. Mankhwala ndi omwe aja, chimene chinasintha ndi chowanyamula.

Kawale2
Chabwino asista, pamenepo ndamva. Koma mtengo wake?

Mwana_wa_Bunda
Mtengo ndi umene ukundichititsa kuganiza kuti tipange tokha. Hydroxyapatite amapangidwa kuchokera ku zigoba za mazira, zimene pafupifupi 94 pa 100 ndi calcium carbonate. Mumaziwotcha, n'kusakaniza ndi fosifeti. Amapangidwanso kuchokera ku mafupa a ng'ombe ndi minga za nsomba poziwotcha m'ng'anjo pa madigiri opitirira 600. Zigoba zimene amataya ophika tchipisi ndi mazira mu Lilongwe muno tsiku limodzi n'zochuluka. Ku Tundulu ku Phalombe kulinso mwala wa apatite, wa mtundu umodzi ndi hydroxyapatite. Tikudikira chiyani?

Mpondo_Famase
Mphwanga, mtima umenewo ndaukonda, ndipo ngati ndi kafukufuku wa pasukulu yambani mawa lomwe. Koma kupanga ufa woyera m'botolo ndi chinthu china, kupanga chinthu choika m'fupa la mwana ndi chinanso. Apatite amakoka zitsulo ndi zina zosungunuka m'madzi, n'chifukwa chake makala a mafupa amagwiritsidwa ntchito kuchotsa fluoride m'madzi akumwa. Mtovu kapena cadmium zikakhalamo mwaziika m'thupi la munthu. Mwala wa m'phiri ndiye umabwera ndi zosakanikira zambiri. Mukawotcha kwambiri timibulu timakula n'kumatana, timabowo timatsekeka, ndiye phindu lija lathanso. Maonekedwe ake nawonso ndi nkhani: akatswiri a ku Europe oona za chitetezo cha zodzola anakana timibulu tosongoka ngati singano ngakhale m'mankhwala otsukira mano. Pamwamba pa izo ufa wa lero ufanane ndi wa mwezi wamawa, uphedwe tizilombo popanda kuononga mankhwala ali mkatiwo, ndipo upirire posungira. Mankhwala amene sanadzisanje aja amakonda kubwerera ku krisitalo pakatentha ndi pachinyezi, ndiye ganizani sitolo ya pachipatala chaching'ono cha denga lamalata mu Okutobala. Zonsezi a PMRA, bungwe la boma lovomereza mankhwala, adzafuna umboni wake asanalole, ndipo akuyenera kutero.

Mwana_wa_Bunda
Ndamva akulu. Koma tikamangoti n'zovuta tidzagula kunja mpaka kalekale. Bola tiyambe ndi kuyesa pa ziweto, agalu othyoka miyendo alipo ambiri, ndipo sukulu ya madokotala a ziweto tili nayo.

Mpondo_Famase
Pamenepo ndiye tikugwirizana. Mupeze wa chemistry, wa labu ndi dokotala wa ziweto mukhale pansi.

Mayi_Tadala36
Pepani ndalowa mochedwa. A OCO, mwanena za mwana wokana kuponda. Wanga wazaka 6 wayamba dzulo kutentha thupi ndipo akulira ndikamugwira pansi pa bondo. Sanagwe. Malungo tayezetsa kufamase, alibe. Ndimati ndione kaye masiku awiri.

OCO_Lilongwe
Mayi, musadikire, pitani naye lero lomwe. Kutentha thupi pamodzi ndi ululu wa pamalo amodzi pafupa, mwana n'kumakana kuponda, timakutenga ngati matenda a m'fupa kapena a m'mfundo mpaka titatsimikiza kuti si amenewo. Akawagwira masiku oyambirira fupa lisanafe, mankhwala a mumtsempha kenaka akumwa amachiza popanda mpeni. Musamugulire makapisozi panjira, amasokoneza zoyeza za ku labu. Ndipo akamujambula n'kunena kuti fupa likuoneka bwino musakhazikike mtima msanga, chifukwa pa X-ray matendawa saoneka mpaka patadutsa masiku 10 kapena 14. Muwauze zonse monga mwalembera pano, ndipo muwapemphe agwire fupalo ndi dzanja.

Mayi_Tadala36
Chabwino, ndikumubereka tsopano. Buku lake lachipatala nditenge?

Sista_Wodi3
Tengani, ndi chofunda chomwe, mwina akugonekani.